Mwamuna wa Winifred Ali pa Kanema

A Leonard Pickersgill anakalambira m'mafilimu, koma dzina lawo ankalidziwa ndi ochepa. Nkhope yokha ndiyo inali yodziwika. M'basi ku Leeds anthu ankawayang'anitsitsa n'kufunsa, "Pepani bambo, si inu munkagulitsa nyama kumsika?" M'mafilimumo anakhalapo wapolisi, wansembe wachidakwa, wantchito wa m'nyumba za olemera. Mawu ankaloweza kukhitchini, akazi awo a Winifred akusenda mbatatesi n'kumawanyogodola: "Bwerezani, Leo. Wansembe wanji wolankhula ngati wameza chingwe?"

A Winifred atayamba matenda oiwalaiwala, anawapititsa kunyumba yosamalira okalamba ku Scarborough. Chaka chomwecho a Leonard anaitanidwa kukasewera mbali yaikulu, yoyamba m'moyo wawo, yokajambula kunja kwa dziko chilimwe chonse. Anafuna kukana.

"Mukakana ndikusiyani ukwati," anatero a Winifred, tsiku limene mutu wawo unali bwino. "Ndasenda mbatatesi zaka zonsezi kuti muzingotsegulira anzanu zitseko?"

Anapita.

Atabwerako anakwera sitima molunjika ku Scarborough, atanyamula mabisiketi. Anapeza akazi awo m'chipinda chochezera, akuonera kanema masana.

"Wini, ndabwera."

A Winifred anawayang'ana mwaulemu. "Khalani pansi, bambo, koma musasokose. Amuna anga akulankhula."

Pa kanemapo panali filimu yakale yankhondo. A Leonard anadziona ali mnyamata wa tsitsi lakuda, atavala zausilikali.

"Wokongola, eti?" anatero a Winifred, akuwagunda ndi chigongono. "Koma ndi waulesi poloweza mawu."

A Leonard anaseka. Kenako anakumbukira mmene filimuyo imathera. Asanafike pozimitsa kanemayo, mfuti inalira, msilikali uja n'kugwa chafufumimba m'matope.

A Winifred anakuwa. Sikunali kulira kwa munthu woonera filimu, kunali kwa pamaliro.

"Amupha! Amupha Leo wanga!"

"Ndili pano, Wini. Ndine. Taonani manjawa."

"Ndisiyeni! Inu simukumudziwa!"

Namwino Denise anathamangira kudzazimitsa kanema. A Leonard anagwada pambali pa mpando, mawondo akuwawa. Anaona kuti kudzitchula dzina kukungowonjezera mantha.

"Ndimamudziwa, mayi," anatero motsitsa mawu. "Tinali limodzi kumeneko. Sanamve ululu. Ankangokamba za inu."

A Winifred anawagwira dzanja mwamphamvu. "Ankati chiyani?"

Anawafotokozera mpaka tiyi anazizira.

Kuyambira tsikulo ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu ngati mnzake wa malemu Leo, ndipo a Winifred ankawalandira bwino. Filimu yatsopano itatuluka, manyuzipepala anawayamikira kwambiri a Leonard. Iwo sanapite ku London kukaionera. Linali Lachisanu.

A Winifred anamwalira chisanu chikutha, akudziyesabe mayi wamasiye.