Kwezani Mawu, Ahedi

1.
Anawabweretsa Lachinayi pa galimoto ya Lameki, atakhala kumbuyo pakati pa matiresi ndi ndowa. Velina anali pa makina, akusoka kolala ya yunifolomu. Sanaimirire.

Ndabwera ndi bambo, anatero Lameki, mchimwene wake wamkulu, makiyi ali m'manja. Adokotala akuti ndi matenda a Pakinsoni. A mu ubongo. Sachira, amangopitirira.

Kwanu ku Lilongwe zipinda zatha, achimwene?

Alamu ako amapita kuntchito. Iwe umasokera pakhomo.

Velina anamaliza kolala, nadula ulusi ndi mano. Kenako anatuluka kukaona munthu amene anali asanamuone zaka makumi awiri ndi zinayi. Nkhope inali gwa, yosaseka, yosakwiya. Dzanja lamanja linkanjenjemera pa bondo, zala zikuyenda zokha ngati zikupukusa chimanga.

Atsitseni, anatero. Ndiwasunga.

Ndipo mumtima anamva kukoma.

2.
Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Sitandade 8, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, a Chikakuda, anali bambo ake omubala, amene m'mawa umenewo anamuitana pa asembule kuti akwere pakhonde la ofesi pamaso pa ana onse ndi aphunzitsi onse, namuuza kuti anene yekha chimene chili m'mimba mwake, iye nanena, iwo nati kweza mawu akumbuyo sakumva, iye nanenanso, iwo nati kweza mawu, mpaka anafuula kuti ndili ndi mimba, ndipo tiana ta Sitandade 1 tosadziwa kanthu tinaseka chifukwa akuluakulu ankaseka, ndiye bambowo anati pasukulu pano ndilibe mwana, kunyumba kujanso ndilibe, yunifolomuyo ukaisiye pampando, ndipo masana omwewo anali pa basi yopita kwa azakhali ku Balaka atavala diresi la mayi ake, mayi amene anamwalira chaka chotsatira iye osaloledwa ngakhale kukaponya dothi

3.
Anamata pepala pakhoma la chipinda chawo, monga iwo ankamatira pa chitseko cha ofesi.

6:00 kusamba
6:30 mapiritsi
7:00 phala
7:15 pakhonde
12:30 mapiritsi, chakudya
3:00 kuyenda, masitepe makumi atatu
Wochedwa alibe chowiringula.

Sankawatchula bambo.

Ahedi.

4.
Pakhonde ankawakhazika moyang'ana msewu, nthawi imene ana asukulu amadutsa. Ambiri ankavala mayunifolomu osoka iye. Ankawamanga kansalu m'khosi kolandirira dovu, kofiira, koonekera patali.

A Nachisale, oyandikana nawo nyumba, ankaima ndi dengu pamutu. Mulungu akudalitseni mayi, ana a masiku ano sasunga makolo chonchi.

Zikomo, ankatero Velina, phazi lili pa makina.

Matendawo anali atayamba kudya mawu. Munthu amene kale akakhosomola bwalo lonse linkati zii, tsopano ankalankhula ngati mphepo yolowa pansi pa chitseko.

Madzi.

Mwati chiyani?

Madzi.

Kwezani mawu, ahedi. Akumbuyo sakumva.

Ankakweza. Mitsempha ya m'khosi inkatuluka. Akafika pa kachitatu, iye ankabwera ndi kapu, n'kuwagwirira mutu, n'kuwapukuta chibwano bwinobwino.

5.
Mapiritsi akachedwa thupi limatseka. Anazindikira yekha sabata yachiwiri.

Tsiku lina anawapeza ataima pakhomo la chimbudzi, mapazi atamatirira pansi, thupi likufuna kulowa, miyendo ikukana. Nthawi ya mapiritsi inali itadutsa. Anali nawo m'thumba la epuloni. Anatsamira khoma n'kumayang'ana wotchi ya pa foni.

Mphindi zisanu.

Zisanu ndi zitatu.

Itakwana ya khumi, mkodzo unatsikira m'thalauza mpaka m'masilipasi. A Chikakuda sanamuyang'ane. Anangoyang'ana kutsogolo, khosi lili chilili, ngati akuimbitsa nyimbo ya fuko.

Thalauzalo anachapa ndi iye. Analichapa akuimba. Atafika potsukuluza anapeza kuti nyimbo yatha kalekale ndipo akungofinya nsalu youma kale madzi.

6.
Kuchipatala namwino anati aziwayeseza kulankhula tsiku lililonse, mawu asathe msanga. Anamulembera mawu anayi.

madzi
kupweteka
chimbudzi
zikomo

Velina anawonjezera achisanu ndi bolopeni yake.

Mwana amene anali m'mimba pa asembule paja anabadwa wamkazi, ndipo Velina anamutcha Mwandida. A Chikakuda anali asanalitchulepo dzinalo. M'kalata imodzi yokha imene analembera azakhali, anati chinthucho.

Tiyeni ahedi. Mwa.

Mwa.

Ndi.

Milomo inkanjenjemera. Dovu linkatsika. Pamenepo mawu ankathera.

Dzulo zikomo munakwanitsa. Apa pavuta chiyani? Kwezani mawu.

7.
Mwandida anabwera pa Khirisimasi kuchokera ku Limbe, kumene amakonza mafoni. Anagwada, nati agogo ndine mdzukulu wanu, ngati palibe nkhani. Anawawenga zikhadabo. Anawameta ndevu, akuwauza za mabasi ndi mvula ya kumeneko.

Masana anamva mayi ake ali pa phunziro la mawu achisanu aja. Anadikira mpaka atatuluka kukaanula zovala.

Amayi, dzinali ndimayendera ine. Si chikwapu chanu.

Sukudziwa chimene anandichita munthu uyu.

Ndikudziwa. Mumandiuza chaka chilichonse pa tsiku langa lobadwa.

Ndiye ndiwakhululukire?

Sindinatero. Ndati mundichotsemo.

Anabwerera ku Limbe lisanakwane tsiku limene ananena.

8.
Mbatata. Velina anali ataiphwanya ndi foloko, koma kachidutswa kanatsalira.

Anangoona maso atuzuka, milomo ikuda, dzanja lija likumenya tebulo. Mbale inagwa. Anawakumbatira chakumbuyo monga namwino anamuonetsera, nakankha pansi pa nthiti, nakankhanso, nawapisa zala m'kamwa, ndipo pakamwa pake pankatuluka mawu amene sanawatume, bambo, bambo, bambo pumani.

Kachidutswako kanagwera pa simenti.

Anakhala pansi pomwepo, mutu wawo uli pachifuwa pake. Unali wopepuka. Unkanunkhira sopo amene iye amasambira.

Mpweya utabwerera anawakankhira pampando.

Simufa musananene dzina lija, anatero. Mwamva? Simufa.

9.
Mvula isanathe mawu anatheratu. Madzi anapita. Zikomo anapita. Mwa anatsala masiku angapo, kenako nayenso.

Chete.

Pepala la pakhoma linasintha.

kuwatembenuza maola awiri alionse
mafuta m'chiuno ndi m'zidendene, pasatuluke zilonda
phala losefa, theka la sipuni, kudikira amezere
thewera
thewera
kuyang'ana ngati akupuma

Makina anachita fumbi. Makolo anayamba kukasoketsa mayunifolomu kumsika. Velina ankalowa m'chipindamo mawu aja ali kale pa lilime, kwezani, koma panalibe wowauza. Maso okha ndiwo ankamutsata, kuchoka pakhomo kufika pazenera, kuchoka pazenera kufika pa beseni. Nzeru zinalimo zonse. Ankaziona.

Zinkamuwawa kuti matenda amulanda munthu wake asanathane naye.

10.
Lameki anabwera patatha miyezi khumi ndi umodzi, atanyamula matewera ndi shuga. Anakhala m'chipindamo kanthawi, natuluka akupukuta m'maso. Velina anamudikira pakhonde.

Mukulira chiyani? Munawataya kuno ngati chikwama.

Sitinawataye.

Alamu amapita kuntchito. Si mmene munanenera?

Ndinanama. Lameki anakhala pampando wa bambo awo uja, woyang'ana msewu. Chipinda tinakonza. Wowasamala tinamupeza, mayi wodziwa ntchito yake. Iwo anakana kudya masiku anayi. Nthawi imeneyo ankalankhula bwino. Anati ndili ndi mlandu ndi Velina, mundipititse ndikadali ndi nzeru, kuti zimene andichite ndizizimva.



Ndinawauza kuti ukawazunza, anapitiriza Lameki. Anati ndi zimenezo zimene akufuna. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Anati ukadziwa kuti abwera okha, uchita manyazi, uwachitira chifundo, ndipo sukhuta.

Nanga lero mwandiuziranji?

Ndaona mmene wawondera.

Ana asukulu ankadutsa, akuweruka. Velina anawayang'ana mpaka womaliza atakhota. Ndiye kuti chaka chonsechi, pamene iye ankati wawagwira, munthuyo anali atabwera yekha, pa tsiku losankha yekha, kudzalandira chimene anadziyezera yekha. Ngakhale mkwiyo wake anali atamukonzera malo.

Anaimirira, natenga mbale ya phala, nalowa.

Maso aja anamulandirira pakhomo.

Ngakhale chilango mwadzigamulira nokha, anatero. Osandifunsa.

Anawakweza mutu ndi pilo. Anayesa phala padzanja pake, ngati lazizira. Kenako anakoka mpando, nakhala pafupi ndi khutu lawo, pafupi kwambiri.

Munkaganiza kuti mlandu unathera pa zimenezija? Zija munasankha inu. Yasamulani, bambo. Zanga sindinayambe n'komwe kukuuzani.