Akatumba a Takondwa

A Bonifasi a ku Zemba ankagula mbuzi m'midzi, kupha, n'kumagulitsa nyama pamsika. Sikelo yoyezera mbuzi yamoyo analibe. Ankangogwira ntchafu, kufinya kawiri, n'kutchula mtengo, ndipo ankadzitama kuti dzanja lawo silinawanamizepo. Vuto linali lakuti dzanja lomwelo ankayezeranso anthu.

Mwana wawo Takondwa, wa giredi 4, anali ndi akatumba akuluakulu, olimba ngati a munthu wopalasa njinga ya makala. Koma ankagwa pafupipafupi, ndipo podzuka ankachita kugwira mawondo n'kumadzikankha pang'onopang'ono. Kusukulu ankafika belu litalira kalekale.

"Mwanayu akudwala, atate ake Takondwa," ankatero akazi awo, a Kristina.

"Akudwala ulesi. Tagwirani mwendowu, mnofu wokhawokha."

Tsiku lina a Bonifasi anapita okha kusukulu kukauza aphunzitsi, a Evance, kuti mwanayo akachedwa azimupatsa chibalo chosesa bwalo. Takondwa anasesa mpaka tsache linamuzolowera. Kusesako sikunkamupweteka kwenikweni. Chinkamupweteka n'choti atate ake sankamukhulupirira, ndipo anasiya kuwauza kanthu kalikonse.

A Kristina si munthu wotsutsana naye kawiri. Anagulitsa mtedza wawo, n'kutenga mwana kupita naye kukiliniki, kenako ku Chipata, mpaka ku Lusaka. Kumeneko madokotala anadula kanyama kakang'ono pamwendo kuti akakaunike ndi makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. A Bonifasi ataona kabala kake anaseka. "Kanyama kameneko ngakhale wolawa pamsika angakane."

Patapita milungu ingapo anawaitana onse atatu kukiliniki. Adokotala, a Felicia, anatulutsa foni n'kuwaonetsa zithunzi ziwiri. Choyamba chinali cha mnofu wa munthu wabwinobwino: timibulu tofiirira, tofanana kukula, tothinana ngati mtedza wosankha kale. Chachiwiri chinali cha Takondwa. Timibulu tina tinali totupa, tina tofota, ndipo pakati pake panali mawanga oyera ambirimbiri.

A Bonifasi analanda foni ija, osapempha n'komwe, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Zoyerazi ndi mafuta," anatero mwapansipansi. "Ndipo timizere iti n'zolimba zija timasenga ndi mpeni n'kutaya. Nanga nyama ili kuti?"

"Mwaona msanga kuposa ana anga ophunzira udokotala," anatero a Felicia. "Minofu yake ikutha pang'onopang'ono, mafuta ndi zipsera zikulowa m'malo mwake. N'chifukwa chake mwendo ukuoneka waukulu koma mphamvu mulibe. Ndi matenda obadwa nawo. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma alipo ochedwetsa, ndipo ndikuphunzitsani kumuwongola miyendo tsiku lililonse."

A Bonifasi anachita manyazi, manyazi enieni otentha makutu. Chisoni chinabwera pambuyo pake. Anayang'ana mwana wawo, amene ankangoseweretsa batani la malaya.

"Ndiye sunkanama?"

"Ayi, atate."

A Kristina anangowatsinzinira diso adokotala.

Lolemba m'mamawa anthu a ku Zemba anaona zachilendo: pakaliyala ya njinga ya a Bonifasi, pamene pamakhala mbuzi yomanga miyendo, panali pilo, ndipo papilopo panakhala Takondwa ndi chikwama chake. Anafika kusukulu belu lisanalire, koyamba chaka chimenecho.

A Bonifasi sanabwerere. Anaimika njinga, kuvula jekete, n'kulunjika kwa a Evance.

"Aphunzitsi, mwana wanga wasesa bwaloli masiku angati?"

"Sindinawerenge, bambo. Temu yonse yatha ija."

"Ndipatseni tsache. Wolakwa mwamupeza lero."

A Evance anayesa kukana, koma munthu wamkulu anali atawerama kale. Fumbi linabuka, ana anaunjikana m'mawindo akuseka chikhakhali. A Bonifasi ankasesa ngati munthu amene sanagwirepo tsache chibadwire, kumwaza masamba uku ndi uku.

Takondwa anaonerera kwa kanthawi atatsamira khoma. Kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali atate ake, n'kuwagwira dzanja.

"Simusesa choncho, atate. Muziyambira kumene kukuchokera mphepo. Bwerani ndikuonetseni."