Nati za Makutu Awiri

Ine ntchito yanga ndi kukayikira. Zaka makumi atatu anthu akhala akundilipira kuti ndigone chagada pansi pa magalimoto akale, aja a mipando iwiri opanda denga, ndi kuwauza ngati wogulitsa akunama. Ndipo amanama, abale inu! Amanama madokotala, amanama aphunzitsi, ena ndi kolala yaubusa m'khosi. Tsiku limodzi lokha ndi limene sindinakayikire mokwanira, ndipo mpaka lero limandidya.

Wogulitsa tsiku limenelo anali achimwene anga enieni, a Royston, amene anandigwiritsa sipanala ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Wogula anali Bambo Thorley, dokotala wa mano wopuma pantchito, wa ku Kendal. Ndinawauza poyera pafoni kuti apeze munthu wina, chifukwa sizioneka bwino kuti mlongo ayendere katundu wa mlongo wake. Iwo anangoseka.

"Mayi Hepworth, kuchokera ku Skipton mpaka ku Carlisle aliyense amati inuyo ngakhale galimoto ya amayi anu mukhoza kuikana. Ndikufuna inuyo basi."

Mawuwo anandikomera, ndisakunamizeni. Ndinavomera.

Linali Loweruka m'mwezi wa May, dzuwa likuwala koma mphepo ili zii. Nditafika kugalaja ndinapeza achimwene atavala tayi, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wawo. Galimoto inali pamalo pomwe inakhala zaka ziwiri, mphuno italoza kukhomo, yobiriwira, ya m'chaka cha 1961. Dzina la kampani yake sinditchula, kampaniyo ilibe mlandu.

"Wabwera kudzandichotsa ulemu, Muriel?" anatero achimwene.

Muriel anali mkazi wawo, amene tinaika m'manda zaka zinayi zapitazo.

"Ndine Gwenda, achimwene."

"Ndikudziwa, iwe! Ukuyesa ndapenga?"

Sikanali koyamba. Pa Khirisimasi anaika ketulo yamagetsi pamoto wa gasi mpaka inasungunuka. Tsiku lina anandiimbira ali pamsika, akufunsa kuti njira yakwawo ndi iti, kenaka n'kunena kuti amangondiyesa. Zonsezi ndinkaziona, koma ndinkadziuza kuti mutu ukhoza kuiwala ketulo, manja a makaniko saiwala. Ndinkafuna kuti zikhale choncho.

A Thorley anafika cha m'ma teni pamodzi ndi mayi akunyumba kwawo. Anabwera pa takisi, ndipo ndinadziwiratu kuti ameneyu wagula kale mumtima mwake. Munthu wobwera kudzangoona sasiya galimoto yake kunyumba. Mayi Thorley anali atamanga kale mpango kumutu, wokonzekera mphepo ya pamsewu.

"Zaka makumi anayi akundilonjeza galimoto yotereyi," anatero mayiwo. "Tsopano mawondo atha, sindikudziwa ngati ndikalowamo ndidzatulukamo."

Tonse tinaseka. Ine ndinavala ovololo n'kuyamba ntchito.

Ndinakulunga maginito m'kansalu n'kuwayendetsa pathupi lonse la galimoto, m'munsi mwa zitseko, kuseri kwa matayala, paliponse pamene dzimbiri limakonda. Maginito akagwa ndiye kuti pamenepo si chitsulo, wina anamatapo phala n'kupaka penti. Sanagwe paliponse. Nambala ya pachasisi inagwirizana ndi ya pamapepala, ya painjini chimodzimodzi, ndipo zimenezi zokha zimakweza mtengo ndi mapaundi masauzande khumi. Ndinanunkhiza oyilo, ndinasuzumira m'madzi, ndinakoka zitseko kuona ngati zalendewera. Ndinaliza masipoko a matayala ndi pensulo, limodzi limodzi, onse akulira mofanana. Mtima wanga unadzaza. Achimwene anali adakali achimwene.

Zinatsala nati za matayala. Magalimoto amenewa tayala lake siligwidwa ndi mabawuti anayi kapena asanu ayi, limagwidwa ndi nati imodzi yaikulu pakati, ya makutu awiri, imene timamanga ndi kumasula poimenya ndi hamala ya mkuwa. Mazinga a mbali ya kumanja amazungulira kosiyana ndi a kumanzere. Anazipanga dala, kuti galimoto ikamapita kutsogolo nati zizidzimanga zokha. Ukasinthanitsa mahabu, zitsulo zimene tayala limamangidwapo, a kumanja n'kuwaika kumanzere, nati zomwezo zimadzimasula zokha, pang'onopang'ono, popanda phokoso. Pa nati iliyonse pamakhala mawu onena mbali yake ndi kamuvi, koma za achimwenezi anali atazipukutitsa ndi kuzikutitsa chitsulo chonyezimira kambirimbiri mpaka mawu onse anafufutika. Njira inali imodzi, kumenya khutu kamodzi ndi kuona kumene nati ikugonjera.

Ndinatenga hamala.

"Ika pansi!"

Achimwene anakuwa mpaka Mayi Thorley anadzidzimuka.

"Nati zimenezo zandidyera mapaundi mazana atatu. Ukufuna uzitemeteme pamaso pa ogula? Ndani anakuphunzitsa kumanga tayala, iwe?"

"Ndinu, achimwene."

"Ndiye ukufuna kundiyesa mayeso? Ine?"

M'maso mwawo munalengeza misozi. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale kumanda kwa Muriel. Ndinagwedeza matayala onse anayi ndi manja, anali gwa, osasuntha. A Thorley nawo anati, "Zisiyeni, mayi, n'zokongola kwambiri." Ndinabwezera hamala patebulo, ndipo pa pepala langa, pa mzere wa matayala, ndinachonga.

Tinaiyesa pamsewu mpaka pa mlatho n'kubwerako, mtunda wosakwana mamailo awiri. Injini inkalira bwino, mabuleki ankagwira. Pobwera achimwene anailowetsa okha chambuyo, pamalo pake penipeni, akuti isapsere padzuwa pamene tikukambirana.

Zamtengo tinakambira pa tiyi. Achimwene anayambira pa mapaundi 55,000. A Thorley anatulutsa kakabuku ka mitengo ya ku okushoni.

"Zaka zisanu zapitazo, bambo Hepworth, mukanapeza 70,000, sindikukana. Koma lero akugula ndani? Ife okonda zinthuzi tikutha kufa, ndipo ana athu akufuna galimoto yolankhula ndi foni. Mwezi watha ku Harrogate inzake ya imeneyi yapita pa 43,000."

"Ija inali ndi injini ya galimoto ina, ndinaiona ndi maso angawa!" anatero achimwene. "Mwabwera kudzagula galimoto kapena kudzandiba masana?"

"Mano a anthu ndinasiya kuzula, tsopano ndikuzula mitengo."

Apa achimwene anali akuthwa ngati kale. Ankakumbukira galimoto iliyonse imene inagulitsidwa chaka chimenecho, mtundu wake, ndi bodza limene linanenedwa pa iyo. Anagwirana chanza pa 48,000. A Thorley anatembenukira kwa ine.

"Mawu omaliza ndi anu, mayi. Ndiikwezemo nkhalamba yangayi?"

"Nkhalamba ndi inuyo," anatero Mayi Thorley.

"Akwezeni," ndinatero ine.

Anati sadzera msewu waukulu, adzera wa pamwamba pa phiri kuti mayi aone dziko. Msewu umenewo umakwera mamailo asanu ndi anayi, kenaka umatsetsereka koopsa, ndipo pakati pa mtsetsewo pali pokhota pamene ife timati Pachigongono. Ananyamuka itangokwana wani koloko, Mayi Thorley akutibayibitsa.

Achimwene analowa m'nyumba kukavula tayi. Ine ndinatsuka makapu, ndinadya kachidutswa ka payi, ndinayankha foni ya munthu wina wofuna kudziwa ngati galimoto ya agogo ake, yowolera m'khola la nkhosa, ingamulemeretse. Mphindi makumi awiri zinapita choncho, ndipo ndimaziwerenga mpaka lero. Kenaka ndinabwerera kugalaja kukatenga thumba langa la zida.

Ndinaima pakhomo. Pamene panali galimoto panali mbee, ndipo pasimenti panaoneka zimene galimotoyo inaphimba. Achimwene anali atalemba ndi choko, zilembo zikuluzikulu, zobwerezedwabwerezedwa mpaka choko kulowerera m'simenti. Ku dzanja langa lamanzere, KUMANZERE. Ku dzanja langa lamanja, KUMANJA. Chisoni chinandigwira. Munthu amene ankaphwasula injini ali chitsinzinire wafika pomadzilembera manja pansi!

Chisonicho sichinakhalitse.

Ine ndinaima pakhomo, ndipo galimoto inkakhala italoza kukhomo, kuyang'anana ndi ine. Mbali ya galimoto sitiitchula titaima kutsogolo kwake. Timaitchula titakhala pa chiwongolero, ndi chinthu choyamba chimene wophunzira aliyense amamenyedwera. Pamene achimwene analemba KUMANZERE ndi pamene pankakhala chitseko cha dalaivala, ndipo dalaivala amakhala kumanja.

Ndinathamangira kukhoma. Achimwene sataya katoni. Makatoni awiri a mahabu akumanzere anali atasanjidwa bwinobwino mbali ya dalaivala, awiri akumanja mbali inayo. Anasinthanitsa onse anayi.

Ndinaimba foni ya a Thorley. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, ndinaimbanso. M'galimoto yopanda denga, mphepo ili m'makutu, injini ikubangula, ndani angamve foni ili m'thumba la jekete? Ndinaimbira apolisi, mtsikana woyankha n'kumandifunsa kuti nditchule bwino dzina la msewu, chilembo ndi chilembo. Ndinamutukwana, Mulungu andikhululukire.

"Achimwene! Kwerani!"

Sindikanawasiya okha. Anakwera kavani kanga atavala masilipasi.

"Tikupita kuti?"

"Mahabu aja munawamanga mutaima pati?"

"Mahabu ati?"

"A galimoto yobiriwira! Mwagulitsa lero lino!"

"Usandikalipire, Gwenda. Ija sindigulitsa, sinathe."

Ndinaponda mafuta, kavani kokalamba kakulira ngati katha pomwepo, dzanja limodzi pa chiwongolero lina likuimba foni. Ndinkadziuza kuti achimwene amamanga nati mwamphamvu, mwina zipirira mpaka ku Kendal. Mwina a Thorley aima penapake kujambula zithunzi. Mwina amva kugogoda kwa tayala n'kuima, munthu wanzeru ngati uja. Pokhota paliponse ndinkayembekeza kuona chobiriwira chitaima m'mbali, koma kunali nkhosa ndi mipanda ya miyala basi.

Kutsogolo kwathu kunatulukira thirakitala yokoka udzu, ndipo msewu ndi wa galimoto imodzi. Ndinaliza hutala mpaka chala kuwawa. Mlimiyo anandilozera chala chachipongwe asanapatuke.

Pamwamba penipeni pa phiri, pamene msewu umayamba kutsika, china chake chinang'anima pakati pa phula. Ndinaima n'kukachitola. Inali nati ya makutu awiri, yosatemeka ngakhale pang'ono, mazinga ake ali bwinobwino. Sinathyoke ayi, inangodzimasula n'kugwa.

Achimwene anailanda m'manja mwanga n'kuitembenuzatembenuza.

"Ntchito yabwino iyi," anatero. "Mwini wake aisowa."

Ndinatsika mtsetsewo pang'onopang'ono tsopano. Tayala ndi limene tinayamba kuliona, litatsamira mpanda ngati wina waliika dala. Patsogolo pake phula linali litakandika mzere woyera wautali, wopita molunjika pamene msewu ukukhota. Pachigongono mpanda wa miyala unali utagumuka, mpata wokwana galimoto imodzi.

Ndinadutsa pampatapo wapansi. Galimoto inali m'munsi mwa dambo, chagada, matayala atatu m'mwamba. Mayi Thorley anali atakhala pa udzu chapatali ndithu, pamene anaponyedwa, dzanja limodzi litapindikira kolakwika, nkhope ili magazi okhaokha. Anandizindikira.

"Mayi Hepworth, kawauzeni atuluke. Ndakhala ndikuwaitana, sakundiyankha."

Ndinagona chamimba n'kukwawira pansi pa galimotoyo, m'fungo la petulo. Bambo Thorley anali momwemo, chiwongolero chili pachifuwa, maso ali tong'o. Ndinagwira pakhosi pawo nthawi yaitali, yaitali kuposa mmene zinkafunikira, chifukwa ndikachotsa dzanja ndiye kuti ndiyenera kutuluka ndi kukayang'ana mayi aja kumaso. Anali atapita.

Nditatuluka ndinamva phokoso kumtunda. Achimwene ankatsika dambolo m'masilipasi awo, akugubuduza tayala lija mosamala kuti lisawapulumuke, nati ili m'thumba la malaya. Anafika ali wefuwefu, n'kuwerama mwaulemu kwa Mayi Thorley ngati munthu amene sanamuonepo.

"Pepani mayi, musadandaule, zimachitika izi. Ndife amakaniko." Anatembenukira kwa ine. "Iwe Gwenda, wangoima bwanji? Katenge hamala m'kavanimo tiwamangire tayala anthuwa, azipita kusanade."