Mphaka wanga amadya kwa Dalva

Pitanga, mphaka wanga, atayamba kutuluka dovu lamagazi, dokotala wa ziweto anamukanula kukamwa n'kupukusa mutu. Khansa, kunsi kwa lilime. Anandiuza kuti kuyunivesite, konkuno ku Belo Horizonte, akuyesa jakisoni watsopano wodzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi chotupacho. Kumeneko anamulandira, koma sanalonjeze kanthu. Lamulo lawo linali lakuti mphaka akasiya kudya n'kumatsika sikelo, amamuchotsa pakafukufukuyo.

Nanga Pitangayo kudya? Ng'o! Ndinamuperera nkhuku, ndinamusinjira chiwindi, mpaka kumugwadira kukhitchini. Ankangonunkhiza n'kutembenuka. Chodabwitsa, sikelo sinkatsika.

Tsiku lina ndikukayanika zovala padenga, ndinapeza chitseko cha Dalva chili pululu. Dalva ndi mkazi amene anandilanda Osvaldo, mwamuna wanga, ndipo posowa manyazi anachita lendi pamwamba penipeni pa nyumba yanga. Nditasuzumira, Pitanga uyo ali phee pamiyendo pake, akunyambita chala chake. Mtima wanga unachita kuwira.

"Dona Neusa, musaime ngati wapolisi, lowani," anatero Dalva.

"Ukumupatsa chiyani mphaka wanga, iwe?"

"Nsomba zam'chitini basi, zofunditsa pang'ono. M'mbale zimamuvuta, amafuna pachala. Amabwera yekha pawindo, ine sindimuitana."

"Eetu, iwe suitana. Zonse zimangobwera zokha."

Ndinamutsomphola Pitangayo, kutsika naye, kutseka mawindo onse. Nsomba zomwezo ndinagula, kufunditsa chimodzimodzi, kupaka pachala changa. Anandiyang'ana ngati ndikumupatsa sopo. Ndinalira ndi ukali. Chala cha Dalva chili ndi chiyani chimene changa chilibe?

Tsiku la jakisoni, Dokotala Ivanilde, mayi amene amayendetsa kafukufukuyo, anaika Pitanga pasikelo n'kukwinya nkhope.

"Mayi, watsika kwambiri. Chotupa chinayamba kufota, koma akatsikanso timuchotsa. Mwasintha chiyani kunyumba?"

Ndinati palibe. Mubasi monse ndinkamva kupepuka kwa kabokosi kake pamiyendo panga. Nditafika, ndinapitirira chitseko changa n'kukwera masitepe. Anatsegula ndi Osvaldo, atavala malaya amene ndinamugulira ndine.

"Neusa, kwagwanji?"

"Choka apa. Ndikufuna mkazi wakoyo."

Dalva atatulukira, ndinamupatsa kabokosi ka Pitanga. Anangotsegula chitini cha nsomba, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandiseka.

Panopa Pitanga amakhala kwa Dalva kumtundako, wayambanso kunenepa, dovu linasiya. Madokotala akuti tisasangalale msanga. Kuchipatala ndimapita naye ndine, chifukwa dzina lolembedwa kumeneko ndi langa, ndipo ndine ndimamupanikiza pathebulo akamamubaya. Dalva yake ndi nsomba basi. Ndiye Pitanga akangomva mapazi anga pamasitepe, amathawira kunsi kwa bedi lawo, ndipo ndimachita kugwada m'chipinda cha anthu awiriwo kuti ndimukoke.