Mfuwuliro Pamaso pa Mlendo

Lusayo, mnyamata wa ku Karonga amene ankayeserera uphunzitsi pa sukulu ina ku Jenala, anali atalephera kale kamodzi. Akanalepheranso pamaso pa woyesa, uphunzitsi ukanathera pomwepo.

Phunziro lake linali la mawu ofuula a Chingerezi ndi chizindikiro chake, mfuwuliro. Njira anali nayo, ndipo ankainyadira mopitirira muyeso. Ana a Sitandade 6 akafuula "Hurray!" ankatsitsa mkono m'malere kulemba kamzere, kenaka n'kuponda pansi mwamphamvu kuika kadontho. Sabata yonse fumbi linali koboo, malata akunjenjemera.

Woyesa uja, mayi Patricia, anafika n'kukhala kumbuyo. Lusayo analemba "Ouch!" pabolodi, nakweza dzanja mokondwa.

Ana ananong'ona.

Lusayo anayesanso. Timawu tinatuluka ngati ta odwala malungo, mikono ili pachifuwa, maso pansi. Ana omwewa, amene dzulo lake anathawitsa mbuzi pabwalo! Lusayo anachita mantha. Anakwiyanso, mpaka anafuna kuwakalipira.

Ali pafupi kutero, anaona mmene anawo akhalira, mwaulemu, mapazi pamodzi, ndipo nzeru zinamubwerera. Sikunali kuiwala ayi. Ana a kuno sasokosa pamaso pa mlendo wamkulu, ndipo m'mawa ahedi anali atawakumbutsa zomwezo pa asembule. Iye akanalamula mpaka dzuwa kulowa, koma mwini chilolezo sanali iye.

Anaika choko pansi, napita kumbuyo, nanjuta pafupi ndi mayi aja kalasi yonse ikuona.

"Mayi, anawa akukupatsani ulemu. Tikupempha mutilole tisokose."

Mayi Patricia anamuyang'ana, cholembera chili m'manja. Kenaka anadzuka, nakonza chitenje, natsitsa mkono m'malere.

"Hurray!" anatero, n'kuponda pansi ndi nsapato yawo yagogoda.

Zimene zinatsatira anazimva ngakhale olima nandolo kutsidya kwa msewu. Ana analimbirana choko, aliyense akufuna kukaika mfuwuliro pabolodi, ndipo ochuluka anauika pamalo pake. Ahedi anabwera akuthamanga poganiza kuti kwabuka ndeu.

Mayi Patricia anatuluka mawu atasasa. Pakhomo anauza Lusayo kuti wakhoza, nafunsa ngati angawalole kukaphunzitsa njirayo kwa anzake ku koleji. Lusayo anavomera ndi mtima wonse.