Madzi a Sadaka Pageti la Thamir

Thamir anatsika pamakwerero, botolo palibe. Analisiya patsinde pa khoma, pamthunzi. Linali botolo wamba la madzi akumwa, koma munali asidi wotsukira njerwa. Anamusungunula yekha m'mawa uja. Pomuona, madzi enieni.

Anaitana mkazi wake, Intisar, n'kumufunsa ngati wasesa pabwalo.

"Nanga ndidikire inu? Mabotolo mbwee ngati kumsika. Ndatolera onse. Odzaza ndaika pageti."

Chimwalirireni bambo ake, Intisar ankaika bokosi la madzi ozizira kunja kwa geti, kuti odutsa azimwa n'kupempherera malemuwo. M'chilimwe cha ku Basra madziwo sankafika masana.

Thamir anathamanga, magolovesi akadali m'manja. M'bokosimo munali mabotolo asanu. Anatsegula lililonse, kununkhiza, kudontheza pasimenti. Palibe limene linachita thovu.

Intisar anati anaikamo asanu ndi awiri. Mawu ake anali atachepa. Limodzi anamwa woyendetsa takisi, iye akuona, n'kupita ali bwinobwino. Linalo anatenga Jabbar, mkulu wogulitsa gasi pangolo ya hatchi.

Chitsulo chimene Jabbar amamenya poitana ogula chinkamveka patali, chakumsika. Thamir anachilondola. Msewu woyamba, palibe. Ali mu wachiwiri, chitsulocho chinaleka kulira. Anawonjezera liwiro.

Anamupeza Jabbar kuseri kwa mzikiti, atakhala pangolo, botolo lili pamiyendo.

"A Thamir, akukuthamangitsani ndani? Kapena mayi aona khoma lanu lija?"

"Mwamwa?"

"Lero Lachinayi, m'bale wanga, ndikusala. Ndasungira dzuwa likalowa. Mwayamba kulondola madzi a sadaka tsopano?"

Thamir analanda botolo n'kudontheza pang'ono pasimenti ya m'mbali mwa msewu. Thovu linatumphuka, fungo loswa mphuno. Jabbar analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena motsitsa kuti pomasula kusala iye sayamba kumwa ndiye. Amayamba ndi mdzukulu wake wamkazi, wazaka zinayi.

Pobwerera Thamir anapeza Intisar atakhuthula mabotolo onse m'ngalande, akutsuka bokosi. Mkaziyo sanamuyang'ane.

Anachotsa makwerero. Asidi wotsala anamubweza kusitolo m'chigubu chimene anamuguliramo. Khoma linatsala chomwecho, theka loyera, theka lamadontho a simenti.

Mawa lake Intisar anatulutsanso bokosi. Botolo lililonse ankayamba walawa yekha.