Chala cha Casilda

Nyambo za a Nemesio zinayamba kusambira chammbali chaka chimene maso awo anachita nkhungu. Eni akewo sankadziwa. Ankasema monga mwa masiku onse, atakhala pakhonde, kachidutswa ka mkungudza m'manja, mpeni ukungoyenda wokha, koma mphuno ya nyambo inkatuluka yokhota pang'ono, ndipo kukhota kwapang'onoko m'madzi kumakula. Nyambo yowongoka imayenda pamwamba pa madzi ikupukusa mutu uku ndi uku ngati kansomba kovulala, ndiye nsomba yaikulu yotchedwa robalo imatuluka kunsi kwa mizu ya mitengo ya m'madzi n'kuiwakha. Yokhota imangogubuduzika ngati chitsononkho, ndipo robalo, nsomba yamatama ija, saicheukira n'komwe.

Woyamba kumva nkhaniyi anali mkazi wawo, Casilda. Iyeyu kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ntchito yake inali kupenta basi: msana wobiriwira, mimba yoyera, kadontho kofiira pakhosi, maso awiri. Tsiku lina Gaudencio, amene amatenga alendo pabwato kukawedza, anadzera kuseri kwa nyumba ndi nyambo zisanu zokulunga m'nyuzipepala, nkhope ili pansi ngati waba nkhuku.

"Doña Casilda, akuluakuluwo musawauze. Izi zikungogubuduzika."

"Ukugubuduzika ndiwe. Dzanja lako lija n'lophwanyira nkhanu, osati loponyera nyambo."

"Ndayamba kuponya nyambo zawo ndevu zisanamere, mayi. Inunso mukudziwa."

Ankadziwadi, n'chifukwa chake anamukalipira. Analandira nyambozo n'kuzibisa m'thumba la nyemba, ndipo mtima unamupweteka mpaka madzulo. A Nemesio analibe china padziko pano. Mpira sankaukonda, mowa anasiya kale, kutchalitchi ankapita mochita kukokedwa. Mudzi wonse wa kumatsiriro a mtsinjewo unkawadziwa ndi chinthu chimodzi, choti nyambo yawo sinama. Kuwauza kuti manja awo ayamba kunama kunali ngati kuwauza kuti akagone kumanda akadali moyo, ndipo Casilda anaganiza kuti bola afe asanadziwe.

Ndiye anayamba kusema yekha. Masana aliwonse a Nemesio ankagona m'machira kuseri, pansi pa mtengo wa mango, mpaka dzuwa litapendeka, ndipo nthawi imeneyo Casilda ankakhala pampando wawo n'kutenga mpeni wawo. Panalibe chomuphunzitsa. Munthu ukayang'ana chinthu zaka zonsezo, manja amaba okha. Ankadziwa kuti mphuno imasemedwa pomaliza, kuti pamimba pamabooledwa kabowo kothiramo mtovu, komanso kuti malo a kabowoko sayeza ndi rula. Rula ndi ya ana asukulu. Wosema amagoneka chala chake chachikulu kuyambira kumchira, ndipo pamene pathera mfundo yoyamba ndi pamene amaboola. Casilda ankachita ndendende zimene ankaona. Akamaliza ankapenta n'kuika nyambo yake m'bokosi, ya amuna ake n'kuponya m'thumba lija.

Choipa n'choti ankakondwera. Fungo la mkungudza linkamukwera m'mutu, tizipalo tinkagwera pamiyendo pake, mudzi uli zii chifukwa cha kutentha, ndipo iye ankapezeka ali kutali, pansi pa madzi obiriwira amene sanawalowepo, akuyang'ana m'mwamba kamimba koyera kakudutsa. Ankadzidzimuka nyambo itatha kale m'manja mwake. Kenako manyazi ankamugwira, n'kusesa tizipalo tija mofulumira ngati pachitika zachigololo. Gaudencio sanadzerenso kuseri kwa nyumba. Ankalowera kumaso, chipewa m'manja, n'kumapempha zina.

Koma mvula ikatha, mtsinje ukayera, wosema aliyense wa kuno amatenga bokosi lake kupita kumatsiriro n'kukasambitsa yekha nyambo imodzi. Popanda kutero sagulitsa ngakhale imodzi chaka chimenecho. Lachitatu lina a Nemesio, akuviika tortiya, kachigumu kopyapyala ka chimanga, m'nyemba, anangoti, "Mawa tikasambitsa. Mukandipalasira ndinu, poti mwana wanu uja anasankha zokakhala kumzinda wa Monterrey."

Casilda akawapatsa nyambo yawo, ikagubuduzika, ndipo adzamva m'ndodo momwemo kuti manja awo anatha. Akawapatsa yake, mwina adzaizindikira kuti si yawo. Kothawira kunalibe. Pomaliza anayala zawo zitatu pansi pa bokosi, zake n'kuzisanja pamwamba, n'kupempha Mulungu kuti zala za nkhalambayo zikhalenso ndi nkhungu.

Ananyamuka kutangocha. Nkhungu inali itagona pamtsinje, yoyera, yofunda, moti bwato linkaoneka ngati silikuyenda, koma mitengo ya mangle, yomera m'madzi ija, ndi imene inkabwera yokha n'kudutsa. Akakowa anali ndandanda panthambi, osagwedezeka. Kutali kunkamveka nyanja ikupuma. Casilda ankapalasa mosafulumira, akulakalaka mtsinjewo ukanangotalika, iwo n'kumangopita chonchi, khofi wa m'botolo akutentha mwendo wake, osafika kulikonse.

"Mukupalasa ngati mukuvundula phala," anatero a Nemesio.

"Palasani nokha, nkhalamba inu, tikagwere ku Cuba."

"Khoterani kumanzere. Simukumva madzi akutuluka m'kakhwawa ako? Nyanja yayamba kubwerera, tinsomba tonse tikutuluka m'mizu. Robalo wamkuluyo ali pakhomo pomwepo, akungodikira."

Casilda anaimika bwato pozika nkhafi m'matope. A Nemesio anatsegula bokosi n'kuyamba kupapasa, ndipo Casilda anayang'ana kumbali. Zala zija zinayenda pamwamba, zinaima, zinatola imodzi. Inali ya Casilda, imene anasema Lolemba. Anaimangirira ku chingwe chokhuthala cha kumapeto, chifukwa robalo ali ndi fupa lakuthwa ngati lezala pambali pa mutu, ndipo chingwe chopyapyala amachidula kamodzi. Anapendeketsa mutu kumvetsera madzi, n'kuponya. Nyambo inatera pafupi ndi mizu, mwakachetechete.

Anaisiya mpaka timafunde titatha, kenako anayamba kugwedeza nsonga ya ndodo. Nyambo inadzuka. Inapukusa mutu kumanja, kumanzere, kumanja, ikusiya kanjira pamadzi, ikulira tcho, tcho, tcho. Casilda anali asanaonepo nyambo yake ikusambira. Ankangozipereka, zina zonse ankalota. Tsopano inali apo, yamoyo, ikuyenda mwaulesi m'nkhungu, matako atamira pang'ono kuposa mmene ankaganizira, ndipo anaiwala mantha ake onse n'kuikonda ngati mwana amene wangoyamba kuyenda.

Madzi anatupa kumbuyo kwake, kenako anaphulika, phwaa, akakowa onse n'kuuluka. Casilda anakuwa kuti, "Kokani!"

"Khalani chete. Wokoka pa phokoso amalanda nsomba chakudya m'kamwa. Umadikira kulemera." Ndodo inawerama, ndipo pamenepo m'pamene anakoka.

Nsombayo inathamangira kumizu, iwo anaikaniza. Inadumpha yonse, ikupukusa mutu, mzere wakuda uja ukuwala m'nthiti mwake, n'kugweranso. A Nemesio ankaseka chamumtima, akuitukwana mayina achikondi, ndipo Casilda anaona mwamuna amene anamukwatira kalekale, wa tsitsi lakuda, ataima pabwato lomweli. Patapita nthawi robalo anagona chammbali, iwo anamugwira mlomo wam'munsi n'kumukweza. Anali wautali ngati mkono wonse wa munthu. Casilda anapuma, poganiza kuti zatha bwino.

A Nemesio anachotsa nyamboyo kukamwa kwa nsomba, koma sanaibweze m'bokosi. Anaipukuta pamalaya. Anaigoneka pachala kuti aone mbali imene ikulemera, ndipo inapendekera kumchira. Anaisisita pamimba ndi chikhadabo mpaka anapeza pamene panatsekedwa mtovu, kenako anagoneka chala chawo chachikulu kuyambira kumchira. Mfundo ya chala inapitirira kabowoko.

"Casilda, tabweretsani dzanja."

"La chiyani? Lili ndi matope."

"Bweretsani."

Anapereka. Iwo anagwira chala chake chachikulu, chachifupi chija, n'kuchigoneka panyamboyo mofatsa. Mfundo inathera pakabowo penipeni. Anakhala choncho, dzanja m'dzanja, madzi akunyambita bwato. Casilda anafuna kunama, koma bodza lililonse limene linabwera linali laling'ono kwambiri.

"Ndinamva m'ndodo isanayende n'komwe," anatero a Nemesio. "Zanga sizimiza matako chonchi. Ndimaganiza kuti mwina ndinaboola ndili ndi tulo." "Zanga zili kuti?"

"Zisiyeni. Nsomba tagwira, tiyeni tizipita."

"M'bokosimu zilimo?"

"Zitatu. Pansi."

Anatola imodzi, anaimangirira, anaponya pamalo pomwe paja. Anagwedeza ndodo. Nyamboyo inagona chammbali, inatembenuka mimba m'mwamba, n'kubwera ikuzungulira, ikupota chingwe. Anaikoka yonse osafulumira, n'kuponyanso. Anamasula, anamangirira yachiwiri, kenako yachitatu. Casilda ankangoyang'ana msana wawo, misozi ikutsika, osaipukuta kuopa kuti bwato lingagwedezeke iwo n'kudziwa. Nkhungu inali itayamba kukwera, dzuwa likuoneka ngati mbale yoyera pamwamba pa mitengo.

"Kuyambira liti?"

"Mvula isanayambe."

"Anthu akudziwa?"

"Gaudencio anabweza zisanu. Kuti ndikusema ndine sadziwa aliyense."

"Ndiye zanuzi sakubweza."

Casilda anatembenukira kunkhafi.

"Ndikufunsa, mayi inu. Sakubweza?"

"Akupempha zina."

A Nemesio anaseka kamodzi, kuseka kouma, ndipo kunamulasa Casilda kuposa kulira. "Nthawi yonseyi ine ndinkangoti ndakalamba bwino. Ndinkauza anthu kumsika kuti dzanja langa lafika pake tsopano." Anakulunga chingwe, anagoneka ndodo m'bwato. "Munandichititsa chitsiru, Casilda."

"Ndinkaopa kuti mufa."

"Ndiye munaona kuti bola ndikhale chitsiru chamoyo."

"Eya. Ndipo ndikanachitanso."

Casilda anazula nkhafi n'kuyamba kupalasa kubwerera, madzi akulimbana naye. Sankadziwa ngati amukhululukira, kapena ngati mawa adzadzuka m'machira muja. Robalo ankamenya mchira pansi pa bwato mwa apo ndi apo. A Nemesio anali atafumbata nyambo ya Lolemba ija, akuisisita mphuno ndi chala, ulendo wonse.

Padoko panali anthu, monga zimakhalira tsiku losambitsa: amayi ogula nsomba ndi mabeseni awo, asodzi akukonza maukonde, ndi Gaudencio, amene anathamangira kudzagwira chingwe cha bwato. Ataona nsombayo analiza mluzu.

"Don Nemesio, chaka chino ndiye zasambira. Mundisungire khumi."

"Usapemphe ine. Mwini wake ndi uyu wapalasayu."

Gaudencio anaseka, poyesa nthabwala, koma anaona kuti akuseka yekha.

"Ndati nyambo zimene wakhala ukuponya chaka chino anasema ndi Casilda," anatero a Nemesio mokweza, kuti ndi amayi a mabeseni omwe amve. "Ine ndinasiya. Zake zimamiza matako, ndiye uzizikoka mofatsa kuposa zanga zija. Wamva, kapena ndibwereze?"

"Ndamva, Don Nemesio."

A Nemesio anakwera pathabwa, anaima, kenako anatambasula dzanja m'malere, anthu onse akuona.

"Casilda, phewa."

Casilda anabwera n'kuima patsogolo pawo, ndipo dzanja lija linatera paphewa pake, lolemera, lonunkha nsomba. Anayamba kukwera kamtunda kopita kunyumba. Atapitirira tchalitchi, pamene panalibenso womva, a Nemesio anamufinya phewa pang'ono.

"Muziyenda pang'onopang'ono. Njirayi ndinasiya kuiona chaka chatha. Ndimangowerenga mapazi kuti inu musadziwe."